Zoyenera ndi Zosayenera kwa Wochemerera Timu Yofuna Kukwera Ligi

Ang'ono anga a ku Nsungwi, ndi inu anansi a ku Dzenza ndi ku Mgona, tasenderani kuno tikambirane za mpira. Za Maule ndi Manoma tiziike pambali lero, za Arsenal ndi Manchester United zomwe mumasasa nazo mawu pa vidiyo sho nazonso zidikire. Nkhani yathu ndi ya timu imene ili pansi, imene ikukwawa m'fumbi kuti nayonso ikalowe m'ligi ya akuluakulu.

Chitsanzo chili pakhomo pomwe pano, ku Nankhaka ku Area 30. Blue Eagles inamaliza pa nambala 2 mu TNM Super League ya 2022, koma chaka chotsatira inatuluka m'ligi. Mu 2024, ikusewera m'ligi ya m'chigawo chapakati pansi pa mphunzitsi Eliya Kananji, inagonjetsa Nyasa Big Bullets pa mapenate pa Bingu National Stadium n'kutenga chikho cha FDH Bank, kenako inatsogola ligi yakeyo n'kubwerera ku Super League ya 2025. Kutsidya kwa nyanja, Wrexham, timu ya ku Wales yosewera m'maligi a ku England, itakhala zaka 15 kunja kwa maligi akuluakulu inakwera katatu motsatizana, mu 2023, 2024 ndi 2025, mpaka kufika mu Championship.

Nkhani zoterezi zimakoma pozimva, koma ulendo wake ndi wa miyezi yambiri, wa thukuta ndi ngongole. Miyendo ya osewera 11 payokha siikweza timu. Ochemerera mumaikweza, ndipo mukapanda kusamala mumaigwetsa ndi manja anu omwe. Nzeru muli nazo, ine ndikungokukumbutsani.

ZOYENERA

1. Dziwani makwerero onse, kuyambira ligi ya m'boma, ya m'chigawo, National Division League imene inayamba mu 2025, mpaka Super League ya matimu 16, chifukwa wosadziwa kutalika kwa ulendo amatopera panjira.

2. Yambani kupita kubwalo pa masewero oyambirira, anthu asanachuluke, chifukwa pointi ya mwezi woyamba imalemera chimodzimodzi ndi ya tsiku lomaliza.

3. Lipirani pachipata ndipo tikiti yanu muilandire m'manja, popeza ndalama imeneyo ndi yomwe imagula mipira, mabandeji ndi mafuta a minibasi yonyamula anyamata.

4. Ombani m'manja timu ikafanana mphamvu koyenda, chifukwa pointi imodzi yotola pabwalo la eni ndi imene mudzaifune pamapeto.

5. Limbikitsani anyamata kumwetsabe zigoli ngakhale akutsogola kale. Mu 2025 Leeds United ndi Burnley zinamaliza ndi mapointi 100 iliyonse, ndipo ukatswiri wa Championship unapita ku Leeds chifukwa cha zigoli.

6. Imbani mokweza kwambiri pamene timu yagoletsedwa, chifukwa ndi pomwe mnyamata wa zaka 19 amatembenukira kwa inu kuti aone ngati mukadali naye.

7. Mupatseni nthawi mphunzitsi. Phil Parkinson analephera kuikweza Wrexham m'chaka chake choyamba, itagonja 5-4 ndi Grimsby Town mu 2022, eni timu anamusunga, ndipo ndi yemweyo anaikweza katatu.

8. Woyimbira akakulakwirani, lolani akuluakulu a timu alembe kalata yodandaula kwa oyendetsa ligi, chifukwa mlandu wa mpira umaweruzidwa papepala.

9. Landirani bwino timu yachilendo, muisonyeze posinthira zovala ndi potunga madzi, chifukwa m'chigawo chachiwiri cha ligi alendo mudzakhala inu.

10. Sonkhani ndalama ya phala, nthochi ndi madzi a pophunzira mpira mkati mwa sabata, popeza mphamvu ya mphindi 15 zomaliza imachokera m'mimba ndi m'mapapo.

11. Onetsetsani kuti wosewera aliyense analembetsedwa bwino ndipo khadi lake lili m'chikwama cha timu manijala, chifukwa mapointi opeza ndi thukuta amatha kulandidwa patebulo.

12. Sankhani komiti yokhala ndi msungichuma amene amawerenga ndalama pamaso pa anthu, chifukwa wogulitsa matimati mumsika wa Nsungwi amasonkha mosavuta akadziwa komwe ndalama yake yapita.

13. Gawanani mtolo, wa butchala agule masokosi, wa chigayo alipire ulendo umodzi, telala asoke manambala pa majezi, chifukwa mutu umodzi susenza denga.

14. Apatseni anyamata kangachepe komwe munalonjeza tsiku lomwelo, chifukwa ambiri asiya ganyu ku Kanengo kapena kabaza pasiteji kuti akusewerereni.

15. Sangalalani ndi chikho chikabwera koma maso akhale pa ligi, monga inachitira Blue Eagles mu 2024, chifukwa chikho chimabweretsa ndalama pomwe ligi ndi imene imakweza.

16. Fikani msanga pa masewero akuluakulu, ana muwagwire padzanja ndipo mudziwiretu chipata chotulukira, chifukwa khamu likayamba kukankhana silimva kulira kwa mwana.

17. Tengani achemwali, akazi anu ndi ana aakazi kubwalo. Tabitha Chawinga anasewerako DD Sunshine mu Lilongwe momwe muno asanakafike ku Inter Milan, PSG ndi Lyon, ndipo wina wotere akukula pakati panu.

18. Gawani Loweruka lanu pawiri, masana kubwalo lafumbi, madzulo pa benchi ya vidiyo sho, chifukwa masewero ambiri a ku England amayamba 4 kapena 5 koloko madzulo nthawi ya kuno ndipo ena usiku.

19. Tengerani phunziro kwa ochemerera a Wrexham, amene mu 2011 anasonkha mapaundi oposa 100,000 tsiku limodzi kuti timu yawo iloledwe kusewera, chifukwa popanda iwo olemera amene anadzaigula mu 2021 sakanapeza timu yoti agule.

20. Yambani kuwerengera za ligi yaikulu musanakwere, bwalo lovomerezeka, makontirakiti a osewera, timu ya achinyamata ndi maulendo a ku Karonga, ku Mzuzu ndi ku Blantyre, chifukwa walira mvula walira matope.

21. Sungani msana wa timu imene yakukwezani; Pelly Ruddock Mpanzu anakwera ndi Luton Town kuchokera kunja kwa maligi akuluakulu mpaka mu Premier League mu 2023, chifukwa wodziwa komwe timu yachokera amaifera.

22. Lolani wosewera wanu apite akafunidwa ndi Silver Strikers, Civil Service United kapena Kamuzu Barracks, koma ndi mgwirizano wolembedwa, kuti ndalama yake ilere anyamata ena atatu.

23. Uzani akuluakulu a ligi mukamva fungo la kugulana masewero, chifukwa amene wagula lero adzagulitsa timu yanu yomwe mawa.

24. Tsimikizani nkhani musanaitumize pa WhatsApp kapena pa Facebook, chifukwa mphekesera imodzi yoti goloboyi wadya ndalama imagawa timu pakati.

25. Samalani bwalo lanu, muzule zitsotso, mutole magalasi osweka ndipo mulembe mizere yooneka, chifukwa bondo la wogoletsa wanu likathyoka m'dzenje chaka chonse chathyoka nalo.

26. Vinani, imbani, lizani mavuvuzela tsiku lokwera, koma aliyense akafike kwawo ndi miyendo yake, chifukwa chaka chamawa timu idzakufunani nonse.

27. Bweraninso chaka chotsatira ngati zakanika. Leeds inapeza mapointi 90 mu 2024, inagonja 1-0 ndi Southampton pa Wembley, ndipo inakwera chaka chotsatira ndi anthu ake ali pambuyo.

ZOSAYENERA

1. Musamakangane pachiwaya cha tchipisi kuti "tikawina awa basi talowa" musanaone malamulo a ligi. Notts County inapeza mapointi 107 mu 2023 koma inayenera kudutsabe m'masewero ochotsana.

2. Musamatulukire mwezi womaliza mutavala jezi yatsopano n'kumakankha anzanu pamzere, chifukwa amene ananyowa ndi mvula komanso kupsa ndi dzuwa kuyambira pachiyambi akukuonani.

3. Musamalumphe mpanda kapena kunamiza wa pachipata kuti "ndanyamula chikwama cha osewera", chifukwa ndiye kuti mukubera mnyamata yemwe mwabwera kudzamuimbira.

4. Musamatukwane timu ikabwerako ndi pointi imodzi, chifukwa inu munali pamthunzi pomwe anzanu anapanikizana maola anayi m'minibasi asanalowe m'bwalo.

5. Musamakuwe kuti "gwirani mpira, zakwana" ikangotsogola 1-0, chifukwa timu yobwerera yonse kumbuyo imaitana yokha chigoli cha mphindi yomaliza.

6. Musamatchule mayi a wosewera akaphonya penate, chifukwa mayiwo ndi amene mumagula nawo mandasi m'mawa, ndipo mwana wawo akusewera ulere.

7. Musamathamangitse mphunzitsi akagonja kawiri, kapena kumulembera mndandanda wa osewera muli pabawo, chifukwa timu yosintha aphunzitsi katatu pachaka imayamba ligi katatu.

8. Musamagende woyimbira kapena kumutsekera m'kalasi masewero akatha, chifukwa chotsatira ndi chindapusa, kutsekedwa kwa bwalo ndi kulandidwa mapointi, pomwe chigoli chija sichibwerera.

9. Musamaphwetse matayala a minibasi ya alendo kapena kuwaletsa kutenthetsa thupi pabwalo, chifukwa mbiri yoipa imathamangitsa makampani omwe mukuwapempha thandizo.

10. Musamathere ndalama ya nsapato kwa sing'anga, kukwirira zithumwa pagolo ndi kulowa m'bwalo chambuyo, chifukwa mnyamata wokhulupirira chithumwa amasiya kuthamanga m'mawa.

11. Musamabwereke wosewera wa timu ina n'kumupatsa dzina la msuweni wanu, kapena kuchotsera bambo wa ana awiri zaka, chifukwa ku Area 25 aliyense amadziwa nkhope ya mnzake.

12. Musamasunge ndalama ya timu m'thumba la wapampando kapena mufoni ya mlamu wake, chifukwa ndalama yosalembedwa imatha popanda wakuba wooneka, n'kusiya udani.

13. Musamatsamire bwana mmodzi, ngakhale akhale wopatsa motani. Bury, timu imene inayamba mu 1885 ndipo inatengapo FA Cup kawiri, inachotsedwa m'ligi mu 2019 chuma cha eni ake chitasokonekera.

14. Musamalonjeze malipiro omwe mulibe pofuna kukopa osewera. Luton inalandidwa mapointi 30 mu 2008 chifukwa cha kusayenda bwino kwa chuma, ndipo inatuluka m'ligi chaka chotsatira.

15. Musamaledzere ndi ulemu wogonjetsa chimphona m'chikho, chifukwa Lamlungu lotsatira mukukumana ndi timu ya kumudzi imene yakhala sabata yonse ikunola mano.

16. Musamathamangire chipata chikangotsegulidwa. Pa 6 Julayi 2017 anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa pokankhana pa Bingu National Stadium, ndipo palibe masewero oyenera moyo wa munthu.

17. Musamaimbe nyimbo zolaula kapena kugwiragwira atsikana pamzere, chifukwa mukuthamangitsa theka la anthu omwe akanalipira pachipata.

18. Musamaloweze osewera onse a Sunderland ndi a Ipswich Town pomwe dzina la goloboyi wa timu ya kuseri kwa nyumba yanu simulidziwa, chifukwa amene angamve mawu anu ndi wa kuno.

19. Musamakhale manja lende kudikira Ryan Reynolds ndi Rob McElhenney anu, chifukwa awiriwa pogula Wrexham mu 2021 anapeza timu imene ochemerera anali ataiyendetsa okha zaka pafupifupi 10.

20. Musamaganize kuti kukwera ndiye kufika. Baka City ndi FOMO zinalowa mu Super League ya 2024 n'kutuluka chaka chomwecho, ndipo ku England matimu onse atatu okwera kupita mu Premier League anatsika mu 2024 komanso mu 2025.

21. Musamataye anyamata onse tsiku lokwera n'kudzaza timu ndi mayina otchuka omwe miyendo inatha kale, chifukwa wobwerera ndalama amachoka malipiro akangochedwa.

22. Musamatche wosewera wopita ku timu yaikulu kuti ndi wogulitsa, chifukwa mpira ndi ntchito ya zaka zochepa ndipo kwawo akudikira thumba la ufa.

23. Musamatumize kenakake kwa goloboyi wa adani kapena kwa woyimbira, ndipo musamabetche pa timu yanu yomwe, chifukwa kukwera kogula kumaululika ndipo manyazi ake satha.

24. Musamajambule wosewera ali pamalo omwera n'kumufalitsa m'magulu, chifukwa kudzudzula kwa m'bale kumachitika pamaso, pambali, kopanda anthu.

25. Musamadutse ndi njinga yamoto pakati pa bwalo, kutayapo mabotolo kapena kuzula mitengo ya golo kukakolezera moto, chifukwa ana anu omwe adzasowa poyambira.

26. Musamapachikane anayi pa kabaza mmodzi, kulendewera pazitseko za minibasi kapena kutseka msewu wa ku Kanengo pokondwera, chifukwa chisangalalo chothera kuchipatala chimasanduka maliro a timu yonse.

27. Musamavule jezi n'kuthamangira ku timu imene ikupambana, chifukwa Blue Eagles itatsika mu 2023 inafunika anthu oiperekeza m'mabwalo ang'onoang'ono, ndipo otsalawo ndi amene anavina ndi mtima wonse mu 2024.

Ndakuuzani zonsezi chifukwa ndimakuonani momwe mumaukondera mpira. Magetsi akazima pakati pa masewero, mumasonkherana ya mafuta a jenereta musanapemphedwe n'komwe. Mumakhala maola awiri pa benchi yathabwa, mutapanikizana m'kachipinda ka malata kotentha, kuonera anthu omwe sadzamva dzina la Nsungwi moyo wawo wonse. Chikondi chimenecho n'chabwino ndipo palibe akukuletsani. Ndikupempha kuti theka lake lokha mulipititse kwa anyamata ndi atsikana omwe amabwerekana nsapato pa hafu taimu, amene amamwera madzi m'chidebe chimodzi, amene mukawaitana dzina amatembenuka.

Super League imalandira matimu atatu atsopano chaka chilichonse, ndipo palibe lamulo loletsa kuti ina mwa iwo idzachokere ku Area 25. Loweruka likubwerali funsani komwe timu ya kwanu ikusewera, tengani mng'ono wanu, lipirani pachipata, ndipo mukhale mpaka wezulo yomaliza.